A Virgílio Kalinda, Mkamwini Wopalasa Njinga wa ku Ntengo-Wambalame

Malemu amene tasonkhanira pano lero ndi bambo Virgílio Gaspar Kalinda, a mfunda wa Ngozo. Anabadwa m'chaka cha 1981 konkuno ku Ntengo-Wambalame, m'distritu ya Tsangano. Anali achiwiri kubadwa mwa ana anayi a malemu bambo Gaspar Kalinda ndi malemu mayi Zaida. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Nélio, mzime wa m'banjamo. Banja ndi limene landituma. Zina mwa zimene ndinene ndinaziona ndi maso anga, zina ndachita kufunsa kwa amene analipo, ndipo pali zina zimene eni ake, amene akhala pamphasa apa, andiuza okha kuti ndisazibise.

A Virgílio ali ndi zaka zisanu, nkhondo inafika kuno. Banja lathu linathawira tsidya la malire, ku Ntcheu, monga anachitira ambiri a inu. Atawasiya mayi ndi ana pabwino, bambo athu anabwerera kuti akatenge ng'ombe zimene zinatsala m'khola, ndipo sanaonekenso. Manda awo sitikuwadziwa mpaka lero. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanabadwe. Mayi ankatiuza kuti kwa miyezi yambiri a Virgílio, ali kamwana choncho, ankakhala pamphambano n'kumayang'ana njira yochokera kwathu, ndipo akaona munthu wamtali akubwera chapatali, ankaimirira.

Sukulu anayambira ku Ntcheu komweko. Mtendere utabwera tinabwerera kuno m'chaka cha 1994, n'kupeza mudzi uli thengo lokhalokha. Kusukulu anawabweza m'mbuyo chifukwa sankadziwa Chipwitikizi, mwakuti anakhala pabenchi limodzi ndi tiana towalekeza m'chiuno. Sanachite nazo manyazi. Anapirira mpaka anamaliza setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, ku Ulongwe. Apulofesolo awo, amene ankawaphunzitsa pasukulupo, ankafuna kuti apitirire, koma pakhomo panalibe mwamuna wogwira khasu, choncho anabwerera kudzathandiza mayi. Ine ndi alongo athu a Ana Paula tinaphunzira chifukwa cha khasu limenelo.

Ntchito yawo inali ya kumunda: chimanga, nyemba ndi kachewere. Njinga yawo yoyamba anaipeza ali mnyamata, chinjinga chakuda, cholemera, chopanda magiya, chimene anthu ankangochitcha kuti Chitsulo. Pa Chitsulo ankamangapo matumba a kachewere n'kukagulitsa kumisika ya m'malire. Popeza chinkaonongeka kawirikawiri, anaphunzira kuchikonza okha, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kukonzeranso anzawo pansi pa mtengo wa bulugamu uja uli m'mbali mwa msewu wa tala. Ambiri mwa inu munaimapo pamenepo ndi tcheni chothothoka kapena tayala lopindika, ndipo mukudziwa kuti sankamulola munthu kuchoka asanaone kaye mabuleki.

M'chaka cha 2003 anapita ku Macanga pa nyengo yogulitsa fodya, pomwe alimi amakhala akukonzetsa njinga zawo. Ali ku Chidzolomondo anakumana ndi mayi Amália, amene ankaimba kwaya patchalitchi cha kumeneko, mwana wamkazi mmodzi yekha wa mayi Margarida. Anakwatitsa ukwati woyera m'chaka cha 2004, ndipo a Virgílio anakhala pa chikamwini zaka zinayi. Kumeneko kunabadwa mwana wawo woyamba, Vânia. Mayi athu atayamba kudwaladwala, a Virgílio anapempha chitengwa kuti abwere ndi akazi awo kuno. A Margarida analola, koma analola ndi misozi. Kuno kunabadwa mwana wachiwiri, Nando, m'chaka cha 2012.

Kumpingo anali mkhristu wa Katolika, wa mu mphakati wa Yosefe Woyera. Sanali munthu wa mawu ambiri pamsonkhano, ndipo kuimba sankatha, zimene akazi awo ankawaseka nazo. Utumiki wawo unali wa miyendo. Kukagwa maliro, uthenga ankapita nawo ndi iwo. Akatekista akafuna kukafika kumidzi ya kuseri kwa mapiri, ankakwera pa kaliyala ya iwowa. Odwala amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala sitingawawerenge.

M'dzinja la chaka cha 2016 banjali linaona mdima. Mayi Amália anatisiya pa nthawi yochira, pamodzi ndi khanda limene ankayembekezera. Zinachitika mwadzidzidzi, mvula ikugwa, ndipo uthenga unafika ku Chidzolomondo zonse zitatha kale. Thupi tinakaliika kwawo. Pa tsiku lometa, mabanja awiri atakhala pansi, a Margarida analankhula mawu amene andiuza kuti ndiwabwereze pano monga anawanenera: “Mwana wanga munamutenga akuyenda ndi miyendo yake, mwandibwezera ali m'bokosi. Awiri awa simuwatenga.” Mwambo unali kumbali yawo, pakuti ana ndi a kuchikazi. A Virgílio sanatsutse. Anabwerera kuno okha, Vânia ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Nando ali ndi zinayi.

Apa m'pamene panayambira kupalasa kumene ambiri mukuwadziwa nako. Kuchoka kuno kukafika ku Chidzolomondo ndi ulendo wa tsiku lathunthu, wodutsa ku Ulongwe, kenako n'kusiya tala n'kulowa msewu wa fumbi wa zitunda ndi zigwa. Mwezi uliwonse ukamatha, a Virgílio ankamanga kathumba ka kachewere pa Chitsulo, nthawi zina mapichesi kapena nsapato za ana, n'kunyamuka Loweruka m'mamawa. Akafika, apongozi awo ankalowa m'nyumba kapena kutenga khasu n'kupita kudimba. Moni sankabwera. Iwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda, ana n'kuwapeza pamenepo. Kugona ankagona kwa akatekista. Lamulungu ankapemphera ndi anawo, n'kukazula udzu pamanda a akazi awo, Lolemba n'kuyamba ulendo wobwerera. Anachita zimenezi m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Mitsinje ikadzaza ankaoloka njinga ili paphewa.

Tinawauza kangapo kuti akwatirenso, pakhomo pasamangokhala zii. Ankangoyankha kuti nyumba ili ndi eni ake, achokapo pang'ono chabe. M'malo mofuna mkazi anaumba njerwa, n'kuwonjezera zipinda ziwiri kunyumba kwawo, china cha Vânia, china cha Nando. Zipindazo zinakhala zaka zopanda munthu.

Tsiku lina m'chaka cha 2018, akukwera chitunda cha kufupi ndi Ulongwe, anadutsidwa ndi anthu ovala makamizola owala ndi zipewa zolimba, ali pa njinga zopyapyala, atawerama ngati akuthawa njuchi. A Virgílio ankakonda kusimba kuti poyamba anatembenuka kuti aone chimene chikuwathamangitsa. Ataona kuti kumbuyo kwa anthuwo mphepo sikumenya, anadzikanikiza pomwepo ndi kathumba kawo. Anthuwo anawasiya m'mbuyo chitunda chili pafupi kutha, koma mtsogoleri wa gululo, apulofesolo Orlando a ku Ulongwe, anaima pamwamba n'kuwadikira. Anawafunsa kumene ankapita ndi katundu wotere, ndipo atamva, anawaitana kuti azibwera kudzapalasa nawo. Umu ndi mmene malemu analowera m'gulu la opalasa njinga, anthu a ntchito zosiyanasiyana amene amachita masewerawa mongokonda, popanda wowalipira.

Njinga ya m'mapiri, ya matayala onenepa, anachita kulumikiza okha kuchokera ku zitsulo za njinga zakufa zimene ankatola uku ndi uku. Ya pa tala, yopepuka ngati bango, ya zogwirira zopindika ngati nyanga za nkhosa, anaipeza kudzera kwa a Orlando omwewo. Njinga ziwirizi zinkagona m'chipinda cha Nando. Anayamba kulowa nawo mipikisano ing'onoing'ono ya pa masiku a chikondwerero. Mphamvu anali nazo zoposa anzawo onse, koma nzeru za mpikisano zinawavuta. Munthu amene wazolowera kuyenda yekha sadziwa kubisala kumbuyo kwa mnzake. Iwo ankangotsogola kuyambira poyamba, mphepo n'kumawamenya okha, anzawo n'kudzawadutsa kumapeto ali ndi mpweya wosunga.

Tsopano ndinene za chaka chatha, cha 2023, chimene chinali chaka chawo chachikulu komanso chotsiriza pa njinga.

Mvula itangokata, kunamveka kuti mpikisano wotsekera nyengo, wa pa tsiku la mtendere, pa 4 Outubro, udzakhala wa njinga za m'mapiri, ndipo udzayambira ku Furancungo, kukadutsa ku Chidzolomondo, n'kubwereranso. A Virgílio atamva anabwera kunyumba kwanga osakhazikika, akungozungulira pabwalo. Anandiuza kuti: “Nélio, ana anga amangondidziwa ngati munthu wotopa, wafumbi, wofika ndi thumba. Chaka chino andiona ndili patsogolo.” Kuyambira tsiku limenelo anali ngati mnyamata.

Amene mumadzuka m'mawa munawaona. M'miyezi ya chisanu, udzu utayera mbuu, iwo anali atatuluka kale, atapisa chidutswa cha saka mkati mwa kamizola kuti chifuwa chisazizidwe, m'thumba la kumsana muli kachewere wophika ndi kamchere. Masiku ena ankatenga njinga ya pa tala n'kutsetsereka nayo kumunsi kotentha, kuti akavutike pobwerera. Masiku ena ankatenga ya m'mapiri n'kulowera ku Tsangano, m'tinjira ta ng'ombe ndi m'minda ya tirigu yokolola kale. Panali chitunda china chimene ankachikwera, kutsika, n'kuchikweranso, mpaka amayi otunga madzi kumeneko anafunsa ngati bamboyo wataya chinthu. Akabwerako ankasamba, n'kupita pansi pa bulugamu kukagwira ntchito monga mwa masiku onse. Munda sunagone chifukwa cha njinga, ndipo ulendo wa kumapeto kwa mwezi sunaphonyeke.

Mpikisano woyamba wa nyengoyi unali wa pa tala, ku Ulongwe, pa tsiku la anthu apantchito. Ulendo uno anamvera malangizo a anzawo n'kukhala pakati pa gulu. Koma pokhota, tayala lawo linakhudza la mnzawo, ndipo anagwa n'kusupuka ntchafu ndi chigongono. Anadzuka, anaongola tayala ndi bondo, n'kumaliza ali omalizira, anthu atayamba kale kubalalika. Sabata yotsatira anali pamsewu, bala lili lomanga.

Pa 25 Junho, pa tala pomwepo, anakhala achinayi. Anabwera akuseka, akuti tsopano aphunzira kuba mphepo ngati anzawo. M'mwezi wa Agosto kunali mpikisano wa m'mapiri ku Tsangano, m'njira zimene iwo ankazidziwa mwala uliwonse. Kumeneko anapikisana ndi a Orlando mpaka pamzere, ndipo a Orlando anapambana ndi kutalika kwa tayala limodzi. Medalya imene analandira tsiku limenelo anakaipereka kwa Nando pa ulendo wotsatira.

Pa 7 Setembro gulu linatsikira ku Tete, ku mpikisano wa pa tala wa m'chigawo chonse. Kumeneko, kwa nthawi yoyamba chiyambire, a Virgílio sanamalize. Anawapeza atakhala pansi pa mlambe, atagwira pachifuwa, akupuma movutika. Anati ndi kutentha kwa ku Tete, munthu wa kumapiri sangakuthe. Tonse tinavomereza, pakuti zinkamveka zoona. A Orlando anawapempha kuti akaonane ndi adokotala. Anayankha kuti adzapita Outubro akadutsa.

Tsiku lija linafika. Opalasa anali ambiri, ochokera ku Angónia, ku Macanga, ku Tsangano ndi ku Tete. Kunali dzuwa ndi fumbi. Atangotuluka mu Furancungo, msewu unayamba kuwapeta ngati mphale: ena matayala anaphulika pamiyala, ena anatitimira mumchenga wa m'mitsinje youma. Pa chitunda chachitali cha pakati pa ulendo anatsala awiri okha kutsogolo, a Virgílio ndi a Orlando. A Orlando andiuza kuti tsiku limenelo sanaganize n'komwe zowadutsa. Ankangolimbana ndi kuti asawataye, chifukwa munthuyo ankapalasa ngati akuitanidwa.

Atayandikira Chidzolomondo anamva phokoso. Mudzi wonse unali pamsewu. Ana asukulu ankathamanga m'mbali akukuwa kuti “Força! Força!”, amayi akululutira, ena akumenya zidebe. Nando anali atakwera pachulu, medalya ija ili m'khosi, akuuza aliyense kuti akubwerawo ndi bambo ake. Vânia anaima pafupi ndi msewu atanyamula botolo la madzi. A Virgílio analowa m'mudzimo ali patsogolo, monga anafunira.

Koma pafupi ndi Vânia, m'mphepete penipeni mwa msewu, panali mphasa, ndipo pamphasapo panakhala a Margarida. Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo anali asanatulukepo kudzawaona mkamwini wawo. Tsiku limenelo anatuluka okha, popanda wowakakamiza, atavala chitenje cha kutchalitchi.

Inu nonse mukudziwa mmene tinaleredwera. Mkamwini sadutsa apongozi ake ali pamwamba pa njinga. A Virgílio anagwira mabuleki mpaka tayala lakumbuyo linakhwekhwereza. Anatsika, anavula chipewa chija, anapatukira kumbali n'kunjuta pansi, akuomba m'manja. A Orlando, amene anatsala pang'ono kuwagunda, anakuwa kuti: “Achimwene Virgílio, tiyeni! Mudzapereka moni tikamaliza!” Iwo sanadzuke. A Orlando anazengereza pang'ono, n'kupitirira. Anadutsa wachiwiri, anadutsa wachitatu, kenako enanso angapo. Phokoso lonse lija linazima.

Amene anali pafupi akuti a Margarida anawayang'ana nthawi yaitali: fumbi kumaso, chipsera cha pantchafu, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Kenako anati: “Bambo a Vânia, mwaimiranji? Anzanu akupita.”

A Virgílio anayankha kuti: “Sindingadutse amayi ndili pamwamba.”

Apo a Margarida anatenga botolo lija m'manja mwa Vânia, n'kuwapatsa ndi manja awo awiri. Anadikira kuti amwe. Atamwa anawauza kuti: “Kwerani. Musandichititse manyazi pamudzi pano, ndauza anthu kuti mwana wanga ndiye ali patsogolo.”

Anakankha njinga mpaka anapitirira mphasa ija, kenako n'kukwera. Anawathamangira anzawo, ena anawapeza, koma mwendo unali utazizira ndipo mtunda wotsala unali wochepa. Anafika ku Furancungo ali achisanu. Chikho chinapita kwa a Orlando. Anzawo anathamangira kukawapepesa, koma anawapeza atakhala pansi, atatsamira njinga, akuseka misozi ikutsika m'fumbi la kumaso. Chimene ankangobwereza n'chakuti: “Andilankhula. Mwamva? Andilankhula.”

Kumapeto kwa mwezi umenewo, atapita monga mwa nthawi zonse, sanakhalenso pansi pa mango. Anawayalira mphasa pakhonde, n'kuwapatsa madzi osamba. Ankhoswe a mbali zonse anakumana, ndipo a Margarida ananena pamaso pawo kuti mkwiyo wawo unali wa imfa, koma anausenzetsa munthu wosalakwa chifukwa imfa ilibe khomo loti ukaikalipire. Anagwirizana kuti sukulu ikatsekera mu Dezembro, ana abwere adzakhale ndi bambo awo kuno, azipita kwa agogo awo pa tchuthi.

Sindinawaonepo achimwene anga ali otanganidwa ngati masabata amenewo. Njinga anazitulutsa m'chipinda cha Nando n'kuzipezera malo kukhitchini. Makoma anawapaka njereza. Anakhometsa mabedi awiri kwa kalipentala, anakalembetsa mayina a anawo kusukulu za kuno, ndipo anafunsa alongo athu kuti mtsikana wa msinkhu wa Vânia amafuna zotani m'chipinda mwake, chifukwa iwo sankadziwa. Anakagula kagalasi kodziyang'anira, n'kukakhoma, n'kukachotsa, n'kukakhomanso pena, akuti poyambapo panali pamwamba kwambiri.

M'katikati mwa Novembro m'pamene matenda anaonekera poyera. Mpweya unayamba kuwathera ngakhale pokwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba. Miyendo inatupa. Munthu amene ankadutsa mapiri osatsika anayamba kupumira panjira popita kuchitsime. Tinapita nawo kuchipatala cha ku Ulongwe, kumene anatitumiza ku Tete. Madokotala atawaunika anati mtima wawo unakula ndipo unafooka, ndiponso kuti vutoli linayamba kale, thupi lawo lolimba n'limene linkabisa. Anawagoneka. Sukulu itatsekera, Vânia ndi Nando anafika kuno ndi katundu wawo monga mwa pangano, n'kulowa m'zipinda zawo, koma mwini nyumba anali pabedi ku Tete. Ankandifunsa tsiku ndi tsiku ngati denga la kwa Nando silikudontha, ndiponso ngati Vânia wakaona kagalasi kaja.

Pakati pa Janeiro anawatulutsa, atawapatsa mankhwala oti azimwera kunyumba. Madokotala anatiuza ife zoona zake, ndipo ndikhulupirira kuti iwonso ankadziwa. Kugona chagada sankatha, choncho nthawi yambiri ankakhala pampando pakhonde. Ali pamenepo anamuphunzitsa Nando kumata chubu ndi kulunzanitsa tcheni. Vânia ankawaphikira, iwo n'kumadya pang'ono, koma n'kumayamikira ngati adya phwando. Tsiku lina ana awiriwa anakangana m'nyumba pa nkhani ya amene asese, mawu n'kukwera. Ine ndinadzuka kuti ndikawaletse, koma anandigwira dzanja n'kunena kuti: “Asiye. Njerwa zija ndinaumbira phokoso limeneli.”

Anzawo a m'gulu ankabwera Lamulungu lililonse, n'kuimika njinga zawo pabwalo. A Orlando anabweretsa chikho chija kuti achisiye kuno, koma iwo anakana, akuti chikho n'cha amene wafika poyamba, ndipo iwo chawo analandira kale panjira. Ankawafunsa za mipikisano ya chaka chino, n'kumawalangiza za mchenga wa m'mitsinje ya ku Macanga, ngati kuti nawonso adzakhalapo. Chimene ankachilakalaka kwambiri chinali chakuti mvula ikakata, wina adzawatengere ku Chidzolomondo, ngakhale pa galimoto, akaone manda a akazi awo, chifukwa udzu uyenera kuti wamera ndipo iwo sanaphonyepo chotere. Tinawalonjeza. Mvula sinakate msanga.

Sabata yatha a Margarida anakwera chapa, minibasi ija, n'kubwera kuno, kumudzi kumene anali atalumbira kuti sadzapondako. Anakhala pambali pa mkamwini wawo, n'kumawamwetsa phala ndi dzanja lawo. Ena atadabwa, anawauza kuti manyazi a chipongozi ndi a anthu amene ali ndi nthawi. Bambo mfumu anabwera Lolemba kudzawadzoza mafuta a odwala. Lachiwiri, pa 6 Fevereiro 2024, dzuwa litakwera pang'ono, a Virgílio anatisiya ali pakhonde la nyumba yawo, ana awo onse awiri ali pomwepo. Anali ndi zaka 42. Ana amene anawadikira zaka zisanu ndi ziwiri anagona nawo pansi pa denga limodzi kosakwana mwezi.

Mabanja awiri akhala pansi dzulo, ndipo agwirizana kuti nyumba, munda ndi njinga ndi za ana. Atafunsidwa kumene akufuna kukhala, Vânia wayankha m'malo mwa onse awiri kuti chaka chino aphunzira kuno, kumene bambo awo anawalembetsa. Alongo athu a Fernanda asamukira pakhomopo kuti aziwayang'anira, ndipo njira ya ku Chidzolomondo ikhala yotsegula mbali zonse.

Banja likuthokoza a mpingo, mafumu, madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, a gulu la opalasa njinga amene agona nafe pano chiyambire maliro, ndi inu nonse amene mwasiya minda yanu pa nthawi yopalira ino.

Malemu bambo Virgílio Gaspar Kalinda asiya ana awiri, wamkazi Vânia ndi wamwamuna Nando. Asiya alongo awo awiri, a Fernanda ndi a Ana Paula. Asiya mng'ono wawo mmodzi, ineyo Nélio, amene bambo wina sindinamudziwepo koma iwowa. Asiya alamu, adzukulu ndi asuweni, kuno ndi ku Macanga. Pomaliza, asiya a Margarida a ku Chidzolomondo. Ine ndinali nditawaika pa mndandanda wa apongozi, koma m'mawa uno andiitana n'kundiuza kuti ndikonze. Choncho ndikuwerenga monga andiuzira: malemu asiya mayi awo.

Achimwene, mwayenda mokwanira. Mulungu amene anakupatsani mphamvu ija akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere wake.